Pansi Pake Usamatepo

Banga linatuluka mu Epulo, chipale chikusungunuka,
lachikasu ngati tiyi wotayikira pansalu,
chikhatho chimodzi kumanzere kwa moto wa gasi pabalaza.
Bambo anakokerapo mpando.
Mpando sunabise fungo.

Tsopano ndi Okutobala kuno ku Duluth,
mphepo ya kunyanja yayamba kale kunola mano.
Nyumba yathu inatsamira phiri,
ndiye khoma lakumbuyo n'lalitali kuposa mtima wanga.
Ndili pamwamba pa makwerero, misomali kukamwa,
Bambo pansi agwira miyendo yake ndi manja onjenjemera,
manja amene anafolera theka la msewu uno.
Sindikudziwa ngati akugwira makwerero
kapena makwerero akugwira iwo.

Ndamasula chipewa chachitsulo cha paipi ya utsi,
chakuda m'milomo, mavu ouma awiri m'kati.
Ndakanganula matabwa atatu a pamwamba pake.
Lachitatu silinalimbane nane,
langofumbutuka m'dzanja ngati buledi wonyowa.

"Ukuonanji, Solveig?"

Ndikuona chimene munandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi,
mutandikhazika padenga la a Lindqvist ndi botolo la madzi:
thira, ona kumene akupita.
Madzi sakwera, alibe manyazi, alibenso changu.
Chapamwamba chivundikire chapansi,
monga mamba a nsomba, monga nthenga za bakha.

Koma apa kalata kakhala pamwamba pa pepala la phula,
mlomo wake uli yasa kuyang'ana kumwamba,
kulandira dontho lililonse la zaka zisanu ndi zinayi.
Ndipo ulimbo wazungulira mbali zonse zinayi,
wochuluka, wopakidwa ndi chala chachikulu,
chidindo chake chikuonekabe pakona.
Zolowa zinalowa. Potulukira panalibe.

Ndawerenga zaka chobwerera.
Unali Novembala uja Amayi anabwera kuchokera kuchipatala
akuzizidwa ngakhale m'mabulangete atatu,
nkhuni zitayamba kuwatsokomoletsa.
Munaboola khomali tsiku limodzi, mdima ukugwa folo koloko,
tochi kukamwa, matalala akumenya m'khosi,
kuti pofika usiku Ardis wanu aone lawi la buluu
n'kutambasulira mapazi.
Anaotha mpaka Febuluwale.

"Ukuonanji, ndati?"

"Thabwa lawola, Bambo."

Chete. Galimoto ya a Marlys yadutsa, yaliza hutala.
Kenaka mawu akwera pang'onopang'ono, khwerero ndi khwerero:
"Ndinakaika pamwamba pa pepala, eti?
Ndinadziwa ndikutsika.
Ndinkati ndidzakonza kukafunda."

Ndacheka chowola mpaka pamene mpeni wakumana ndi mtengo wamoyo.
Ndaika chigamba, ndasiya mpata wa zala ziwiri
pakati pa paipi ndi thabwa, poti moto nawo uli ndi malire ake.
Tepi yomata ndayambira m'munsi, kenaka m'mbali,
kalata katsopano ndakalowetsa kunsi kwa pepala,
mlomo wake wapindikira kunja ngati chikope.
Ulimbo wofiira, uja wosaopa kutentha,
ndauyendetsa pamwamba, kumanja, kumanzere.
Dzanja lafuna kutseka mzere wotsala.

"Pansi pake usamatepo!"
Mawu a kapitawo, aja ankaopsa anyamata a ganyu.
"Siya pothawira. Ena adzalowabe, amalowa basi."

Ndasiya.

Atumiza botolo la madzi m'ndowa, pachingwe.
Ndathira pamwamba pa chipewa.
Madzi aima kaye, ngati akufuna khomo lawo lakale,
kenaka atsetsereka pachitsulo, alumpha khoma,
agwera pa kapu ya Bambo: tho, tho, tho.
Sanasunthe. Sanapukute.

Usiku tayatsa moto.
Banga likadalipo, penti ndi ya Loweruka.
Mpando aubweza pamalo pake akale, pafupi ndi zenera,
pamene miyendo yake inasiya maenje anayi m'kapeti.
Panja nthunzi ikutuluka m'chipewa, yoyera,
mvula yoyamba ya chisanu ikugogoda khoma,
ife tikumvetsera, osayankhula,
ngati anthu odikira kuti mlendo adutse.